Ulendo wa ku Zomba: Rimoti ya Galimoto Ikakana

Lachitatu, Limbe mpaka Thondwe

Ndanyamuka ku Limbe dzuwa litakwera kale chifukwa mzere wa pomwetsera mafuta unali wautali. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Zomba pa msewu wa M3 ndi makilomita pafupifupi 65, koma pa Njuli, pa Namadzi ndi pa Thondwe munthu umayenda ndi phazi pa buleki, poti msika umasefukira mpaka m'tala. Ndikupita ku chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ku Jali. Bokosi la zipangizo lili m'buti, chifukwa wokonza zamagetsi a galimoto sayenda chimanjamanja.

Pa Thondwe ndinaima kugula mbatata yootcha. Pambali panali Toyota Vitz itazunguliridwa ndi anthu. Eni ake, mayi achikulire ndithu, anali atagula dengu la tomato, ndipo pobwerera galimoto inakana kutseguka. Mnyamata wina anali atabwera kale ndi waya wopinda kunsonga, wina akuti angoswa kagalasi kakumbuyo.

"Mayi, tandibwerekeni kaye rimotiyo. Wayayo adikire."

Choyamba kuona ndi kanyale kofiira ka pa rimoti. Mukadina batani kanyaleko osayaka, kapena kuyaka mozilala, ndiye kuti kabatire ka m'kati mwa rimoti katha. Kakayaka bwino koma galimoto osayankha, ganizirani za batire lalikulu la galimoto kapena china chimene chikusokoneza uthenga. Ya mayiwa inali zii.

Rimoti ya galimoto yoliza ndi batani imakhala ndi kakiyi kachitsulo m'kati. Pa Toyota kabatani kotulutsira kakiyiko kali m'mbali, pa Nissan kali kumbuyo ndipo n'kotsetsereka. Mukakakankha n'kukoka pamene pamamangidwa mphete, kakiyi kamasololoka. Bowo lake lili pa chitseko cha dalaivala, mbali ya kumanja, pafupi ndi chogwirira. Pa galimoto zambiri za ku Japan bowolo limaonekera. Pa zina za ku Ulaya, monga Volkswagen, limabisika ndi kachivundikiro ka pulasitiki. Pansi pa kachivundikiroko pali kampata, mumalowetsamo nsonga ya kakiyi n'kutukula pang'ono mpaka kachoke. Kakiyi kalowe konse musanapotoze, ndipo potozani ndi zala zokha.

Chitseko chinatseguka, alamu n'kuyamba kulira. Anyamata aja anadzuma. Palibe chinalakwika: galimoto inatsekedwa ndi rimoti, ndiye ikatsegulidwa ndi chitsulo zina zimayesa kuti yalowedwa ndi mbala. Phokosolo limaleka injini ikangolira.

Kuliza kwake kuli motere. Giya ikhale pa P, pondani buleki mwamphamvu, tengani rimoti mbali imene ili ndi chizindikiro cha Toyota muigunditse pa batani la START. Galimoto imalira kamodzi kuti pii. Pamenepo dinani batani lisanathe masekondi 10, phazi likadali pa buleki. Zimatheka chifukwa m'rimoti muli kachipangizo kena kamene sikadalira batire. Mozungulira batani la START muli koilo (waya wokulungidwa) imene imakapatsa mphamvu kakayandikira kwambiri, n'chifukwa chake rimoti iyenera kukhudza batani, osati kungokhala m'thumba.

Mayiwo anandithirira tomato m'jumbo, ndinakana koma sanamve. Ndafika ku Zomba kutada, msana ukuwawa, ndipo mphepo yotsika m'phiri ikulowa pansi pa chitseko cha chipinda chimene ndapeza.

Lachinayi, msika waukulu wa Zomba

M'mawa wonse ndathera pa mabenchi a okonza mawotchi ndi ogulitsa zamafoni, chifukwa ndi amene amasunga timabatire taphwatalala. Amene mufuna kagulidwe kabwino muyambire kwa okonza mawotchi. Katundu wawo amakhala m'kabati, pamene wa ena amatandala padzuwa tsiku lonse, ndipo kutentha kumafoola batire lisanatuluke n'komwe m'paketi.

Musamagule pongonena kuti "ka batire ka rimoti". Tsegulani rimoti muwerenge nambala yolembedwa pa kabatire kakale. Zofala ndi CR2032, CR2025, CR2016, CR1632 ndi CR1616. Manambala awiri oyamba ndi kukula kwa kabatireko m'mamilimita, awiri omaliza ndi kuchindikala kwake: CR2032 ndi mamilimita 20 m'lifupi ndi 3.2 kuchindikala, CR1632 ndi 16 ndi 3.2. Onse ndi a mavoti 3. Latsopano mukaliyeza pa mita yoyezera magetsi limaonetsa 3.2 kapena 3.3, ndipo likatsika pansi pa 2.9 musalidalirenso pa ulendo.

Potsegula, solorani kaye kakiyi kachitsulo. Pamene katulukapo pamakhala kampata. Lowetsanipo sukuludiraiva yaing'ono yaphwatalala, nsonga yake mutaikulunga ndi kansalu, n'kupotoza pang'ono mpaka zigamba ziwiri zilekane. Musanachotse kabatire kakale onani kumene kwaloza chizindikiro cha +, kapena jambulani ndi foni. Katsopano kagwireni m'mphepete, chifukwa thukuta la zala limasiya mafuta pamene payenera kudutsa magetsi. Timano tachitsulo togwira batire musatipinde.

Pa benchi ina ndinapeza mnyamata akufuna kusanjikiza ma CR2016 awiri m'rimoti ya CR2032, ati kuchindikala kwake n'kofanana. Kuchindikala n'kofanana zoona, koma awiri osanjikiza amatulutsa mavoti 6, ndipo bolodi yamagetsi ya m'kati mwa rimoti, imene ndi ya mavoti 3, ikhoza kupsa. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, rimoti iyi ikapsa, ndalama yake mugulitsa benchi yonseyi." Anaseka koma anasiya. Winanso amaika CR2025 m'malo mwa CR2032. Imagwira ntchito pabenchi, koma ndi yopyapyala, imagwedera, ndipo pa msewu wa mabampu galimoto imayamba kudandaula kuti sikuona kiyi.

Kabatire kotere kamakhala chaka chimodzi kapena ziwiri. Rimoti ya galimoto ya batani siigona, imamvetsera galimoto usana ndi usiku, choncho imatha ngakhale simukuidina. Mukamaisiya pa TV, pa kompyuta kapena pambali pa chaja cha foni imatha msanga, ndipo buku la Toyota limati italikirane ndi zinthu zimenezi ndi mita imodzi. Chizindikiro chakuti ikutha n'chakuti mumayamba kuyandikira kwambiri galimoto kuti imve. Kakale kaja musakataye pabwalo. Mwana akakameza kamawotcha kum'mero m'maola ochepa, ndipo imeneyo ndi nkhani yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Kabatire kabwino, ka m'paketi yomata yokhala ndi deti, ndinakagula pa mtengo wofanana ndi wa mbale ya nsima ya matemba imene ndinadya masana kuseri kwa msika. Kotchipa kalipo, koma ine sindingakayike m'galimoto ya munthu wopita kutali. Matembawo anali a ku Chilwa, okazinga ndi tomato ndi anyezi, ndipo mayi wophika anandiwonjezera chigwada osalipiritsa.

Lachisanu, pamwamba pa phiri

Ndakwera phiri m'mawa kukaona mnzanga wogwira ntchito kunkhalango. Msewu wake ndi watala koma ndi wopapatiza, wokhotakhota, ndipo lero chifunga cha chiperoni chinaphimba zonse. Pa makona ena mtima unali m'mwamba. Anthu a nkhuni amatsika ndi njinga zosanja mitolo yotalika kuposa iwo eni, akuzikankha ndi kuzigwira ndi thupi lonse, ndipo m'chifunga umawaona atafika kale pamphuno. Giya yotsika, hutala pa kona iliyonse.

Kupitirira damu la Mulunguzi, chakufupi ndi nsanja za mafoni ndi wailesi, ndinapeza banja lili panja pa Nissan Note, ana akunjenjemera. Bambo wake anati kabatire anasintha mwezi watha, ndipo kanyale ka pa dashibodi kankaphethira, kusonyeza kuti batire lalikulu lili moyo. Malo oterewa vuto limakhala mafunde amphamvu a nsanja amene amaphimba kauthenga kofooka ka rimoti. Zimachitikanso pafupi ndi nyumba zoulutsira mawu ndi malo a magetsi akuluakulu. Kuzizira nako kumatsitsa mphamvu ya kabatire kofooka kale.

Zoyesa n'zochepa. Chotsani rimoti m'thumba limene muli foni kapena ndalama zachitsulo. Ifunditseni m'manja kwa mphindi ziwiri. Igunditseni pa chogwirira cha chitseko cha dalaivala n'kudina kabatani kakuda ka pa chogwiriracho, chifukwa mlongoti wa galimoto uli m'menemo. Zikakanika, kakiyi kachitsulo.

Apa ndi pamene panavuta. Kakiyi kanalowa koma loko sanatembenuke. Galimoto zathuzi zimabwera kuchokera ku Japan zitayenda kale zaka, ndipo bowo la kiyi mwina palibe analigwiritsapo ntchito chichokere ku fakitale. Fumbi ndi dzimbiri zimamanga timapini ta m'kati. Bamboyo anafuna kugwira kakiyi ndi pulayala. Ndinawaletsa, chifukwa chitsulo chimenechi n'chopyapyala, ndipo chikathyokera m'bowo ntchito yake ndi yomasula chitseko chonse. Mankhwala ake ndi mafuta opopera monga WD-40: lowetsani kapaipi kake m'bowo, poperani pang'ono, dikirani mphindi zisanu, kenako lowetsani ndi kutulutsa kakiyi kangapo mukupukuta zakuda zimene zikutuluka. Mukatero gwedezani uku ndi uku mofatsa, tsiku lonse likhale lanu. Mafuta ophikira kapena girizi ayi, amagwira fumbi n'kuuma.

Loko analola. Kuliza Nissan ya batani n'chimodzimodzi: buleki, gunditsani rimoti pa batani, ikalira dinani. Nissan zakale monga Tiida zili ndi chopotoza m'malo mwa batani, ndipo kakiyi kachitsulo kamalowa pachopotozapo.

Pali kanthu kenanso ka pa Toyota zatsopanoko. Mukagwira batani lotsekera n'kudina lotsegulira kawiri, rimoti imagona kuti isunge batire, ndipo chogwirira cha chitseko chimasiya kuyankha. Zimachitika mwangozi m'thumba lothina. Kudina batani lililonse kumaidzutsa.

Anyamata ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anabweretsera ana aja mbaula kuti awothe pamene tinkalimbana ndi loko. Sanapemphe kanthu. Bamboyo anagula mbale ziwiri za zipatso zawo osanenerera mtengo.

Loweruka, Jali

Chinkhoswe chayenda bwino, nkhuku zasinthana manja, anthu avina mpaka fumbi kobo. Madzulo Toyota Sienta ya akuchimuna inakana kutseguka. Kanyale ka rimoti kankayaka bwinobwino, koma galimoto sinaphethire ngakhale nyale imodzi. Tsiku lonse achinyamata ankachajiramo mafoni ndi kuliza wailesi injini ili chozima. Batire lalikulu linali litatheratu.

Zikatere kakiyi kachitsulo kamatsegula chitseko cha dalaivala chokha, chifukwa maloko enawo amayendera magetsi. Chimenecho n'chokwana, poti chokokera boneti chili pansi pa dashibodi mbali yomweyo. Batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6 pa mita. Ili linali pansi pa 11. Anthu anayamba kuvula majekete kuti akankhe. Galimoto ya otomatiki siilira ndi kukankha, mungokhetsa thukuta pachabe.

Musanabweretse majampa, mawaya otengera magetsi ku batire la galimoto ina, gwedezani matheminolo, pamene mawaya amagwira pa batire. Akakhala olobodoka kapena atachita ufa woyera, mwina vuto ndi lomwelo: madzi otentha osakaniza ndi soda, burashi, ndi sipanala nambala 10. Ngati si zimenezo, ndondomeko ya majampa isasokonezedwe. Waya wofiira pa + ya batire lakufa, nsonga ina pa + ya batire lamoyo. Waya wakuda pa − ya batire lamoyo, ndipo nsonga yomaliza pa chitsulo chosapenta cha injini ya galimoto yakufayo, kutali ndi batire, chifukwa pamenepo pamathetheka ndipo batire limatulutsa mpweya woyaka. Galimoto ziwirizo zisakhudzane. Yamoyoyo ilire mphindi zisanu musanayese inayo. Pochotsa yambirani waya amene munamalizira. Mukasemphanitsa + ndi − mupsereza fiyuzi yaikulu, mwinanso kompyuta ya galimoto.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti magetsi akangobwerera, galimoto zina zimadzikhoma zokha zitseko. Rimoti ikhale m'thumba mwanu, osati pampando, musanalumikize waya womaliza. Injini ikalira mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ikaonetsa 12 yomweyo, alitaneta, makina ochaja batire, sikuchaja ndipo simufika patali. Pa Toyota Prius zambiri batire la mavoti 12 limeneli lili kumbuyo m'buti, koma m'bokosi la mafiyuzi la pansi pa boneti muli polumikizira waya wofiira.

Amene anatithandiza ndi bambo wa pikapu yonyamula mpunga, wongodutsa. Anakhala nafe mpaka mdima, ndipo tinawapatsa mbale ya nsima ndi nyama ya mbuzi. Ine maso akulemera, mapazi atupa.

Lamulungu, Kachulu

Msewu wopita ku doko la Kachulu ndi wafumbi ndi wamabampu, ndipo galimoto yotsika mimba imakhula pansi. Ndinapita kukagula mlamba wowamba. Kumeneko mnyamata wina woperekeza alendo a ku chilumba cha Chisi anagwetsa rimoti m'madzi potsika m'bwato, ndipo ankaidina kuti aone ngati ikugwirabe.

Rimoti yonyowa siidinidwa. Tsegulani msanga, chotsani kabatire, chifukwa madzi ndi magetsi zikakumana bolodi imadyeka. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ali ndi kamchere, ndipo mchere umenewu ukauma pa bolodi umapitiriza kuwononga. Tsukani bolodiyo ndi sipiriti ndi kaburashi kofewa, iumitseni pamthunzi podutsa mphepo kwa tsiku lathunthu, osati pa mbaula, kenako muikemo kabatire katsopano. Podikira, kakiyi kachitsulo kamatsegula chitseko, ndipo kugunditsa rimoti pa batani la START kawirikawiri kumachititsabe injini kulira ngakhale mulibe batire. Anabwerera ku tauni motero.

Lolemba, Chinamwali

Ndinaima pa garaja ya mnzanga kuti tione mabuleki ndisanabwerere. Kunabwera uthenga wa mphunzitsi wina amene rimoti yake inatsekeredwa m'kati mwa Honda Fit, kakiyi kachitsulo kali momwemo. Iyi ndiye yovuta kuposa zonse za ulendo uno.

Galimoto ya batani imayenera kukana kukhoma ikamva kuti rimoti ili m'kati. Imalephera kuimva ngati kabatire kafooka, ngati rimoti ili m'buti, m'kabokosi ka pa dashibodi, m'thumba la chitseko, kapena m'chikwama pamodzi ndi foni. Ma alamu oikitsa kuno kwathu nawo ambiri amakhoma okha pakapita kanthawi.

Funso loyamba ndi lakuti kiyi wachiwiri ali kuti. Ngati ali ku Matawale kapena ku Sadzi, kabaza wanjinga yamoto akamutenga pa mtengo wochepa kuposa china chilichonse. Ngati palibe, itanani wodziwa ntchito. Iye amalowetsa kathumba kopopa mpweya pa kona yam'mwamba ya chitseko, kumbali ya chogwirira, n'kupopa mpaka pakhale mpata wolowa chala. Mumpatamo amalowetsa kandodo kachitsulo kokutidwa ndi pulasitiki n'kudina batani lotsegulira kapena kukoka chogwirira cham'kati. Akapopa mopitirira, felemu ya chitseko imapindika, ndipo kuyambira pamenepo mphepo imalira mukamathamanga, mvula n'kumalowa. Waya wolowetsa pakati pa galasi ndi mphira, uja amakonda anyamata a pamsika, unkagwira pa galimoto zakale. Pa zamakono mumangong'amba mphira, kukanda galasi ndi kudula mawaya a mawindo, loko osamupeza. Mmisiri woona amafunsanso bulubuku ndi chiphaso cha unzika, kapena umboni wina wakuti galimoto ndi yanu. Musakwiye naye, tsiku lina adzateteza yanu yomwe.

Zonsezi zimasintha ngati m'kati muli mwana ndipo kunja kukutentha. Pamenepo palibe kudikira mmisiri. Swani galasi la chitseko chakutali ndi mwanayo, mumenye pakona ndi chinthu chosongoka, chifukwa pakati m'polimba. Galasi lakutsogolo musalimbane nalo, lili ndi pulasitiki pakati, limangosweka mizere osaboola. Ngati mulibe moyo wa munthu koma mwasankhabe kuswa, funsani kaye mitengo. Kagalasi kakang'ono ka pakona kamaoneka kotchipa, koma nthawi zambiri ndi kamene kamasowa kwa ogulitsa zipangizo zakale.

Ya mphunzitsiyo inatseguka ndi kathumba popanda chokandika. Tili pomwepo tinayesa kakiyi kake kachitsulo pa chitseko, ndipo kanali kosasema n'komwe, kosalala mbali zonse. Zoterezi n'zofala pa galimoto zogula kwa munthu: rimoti inasinthidwa, chitsulo chake osachisema, kapena chitseko chinasinthidwa pambuyo pa ngozi ndipo loko ndi wa galimoto ina. Yesani kanu pakhomo panu masana, mudziwe.

Wosema makiyi akhoza kukusemerani kachitsulo kapadera kosunga m'chikwama cha ndalama. Sikaliza injini, koma kamatsegula chitseko. Rimoti yachiwiri ndi bwino kuipangitsa yoyamba ikadalipo, chifukwa zonse zikatayika pamafunika kulowa m'kompyuta ya galimoto ndipo mtengo umakwera kwambiri. Pogula onani nambala ya pa bolodi ifanane ndi yanu. Galimoto zochokera ku Japan rimoti zake zimayendera mafunde a pakati pa 312 ndi 315 MHz, pamene za ku South Africa ndi ku UK zimayendera 433 MHz, ndiye ziwiri zofanana maonekedwe zikhoza kusamvana. Rimoti ya Toyota yakale imene inalembetsedwa kale pa galimoto ina siilola yatsopano mpaka itafufutidwa ndi makina, choncho mufunse zimenezo musanapereke ndalama.

Mabuleki akutsogolo apezeka atatha mbali imodzi, ndipo mapadi ake abwera mawa kuchokera ku Limbe pa minibasi yoyamba. Ndigonanso kuno.